Laputopu yakale, Linux ndi magemu a mwana: yankho kwa bambo a ku Tafara

Funso

Ndinagulira mwana wanga laputopu yakale ku Gulf Complex, HP EliteBook 840 G1 ya Core i5, RAM ya 4GB ndi hard disk ya 500GB. Ili ndi Windows 10 koma imachedwa mpaka munthu kutopa, ndipo Windows 11 ikukana kulowa. Mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu akuti tiikemo Linux yopepuka, akuti ndi yaulere ndipo makina adzayamba kuthamanga. Mwanayo ali Fomu 3. Amalemberapo za kusukulu, koma mtima wake uli pa magemu: FC, GTA ndi Fortnite. Kodi pa Linux magemu amasewereka? Nanga tisankhe Linux iti? Intaneti yathu ndi ya mabandulo a pafoni, za magetsi mukudziwa kale.

Bambo a ku Tafara

Yankho

Zikomo bambo. Mnyamata wa kutchalitchiyo sanakunamizeni. Linux ndi yaulere, ndipo laputopu yanuyo idzapepukidwa nayo ndithu. Koma pa magemu atatu mwatchulawo, FC (gemu ya mpira imene kale inkatchedwa FIFA) ndi Fortnite sadzatseguka n'komwe, ndipo za GTA zidalira kuti mwanayo akunena GTA iti. Muuzeni lero lomwe, Windows isanachotsedwe, chifukwa akadzazitulukira yekha Loweruka usiku mlandu udzagwera inu ndi mnyamata uja.

Tiyambe ndi makinawo. EliteBook 840 G1 inatuluka mu 2013, ndipo purosesa yake ndi ya m'badwo wachinayi wa Intel, umene amautcha Haswell. Windows 11 imafuna purosesa ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, komanso kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0. N'chifukwa chake ikukana. Anyamata ena m'tauni amaikakamiza kulowa podumpha malamulowo, koma pa RAM ya 4GB ndi hard disk yozungulira mungangodziwonjezera mavuto. Windows 10 nayo Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa chaka chimodzi chowonjezera. Simuli nokha, malaputopu ochuluka amene ali m'manyumba mwathu muno mu Harare ali pa mphambano yomweyi.

Chimene Linux yopepuka imachita n'chosavuta kumva. Windows 10 ikangoyaka, inu musanatsegule kalikonse, kawirikawiri imakhala itadya kale pafupifupi theka la 4GB yanuyo, kwinaku ikupalasa hard disk ndi ma update ndi antivirus. Linux Mint ya Xfce, umene ndi mtundu wopepuka wa Mint, imayaka ndi RAM yosafika 1GB. Malo otsalawo ndi amene mumawamva ngati liwiro. Koma zithunzi za gemu zimajambulidwa ndi kachipangizo ka zithunzi, ndipo m'malaputopu ambiri a mtundu wanuwu kachipangizoko ndi Intel HD Graphics 4400, kokhala m'kati mwa purosesa momwemo, kopanda memory yakeyake, kongobwereka ku RAM. Mukatsitsa matumba a chimanga mu kombi imakwera mtunda mosavutikira, koma injini ikadali yomwe ija. Gemu imene inali yolemera kwa HD 4400 pa Windows idzakhala yolemerabe pa Linux, mwinanso kuposa pamenepo. Nkhani yonse ya magemu yagona apa.

Ndiye musathamangire Linux yopepukitsitsa. Achinyamata okonda zimenezi amapikisana pa manambala, wina akuti yake imayaka ndi 300MB, wina akuti yake 200MB. Zoonadi antiX ndi Puppy Linux zimayaka ndi RAM yochepa modabwitsa, ndipo Puppy, imene Barry Kauler wa ku Australia anayambitsa mu 2003, imatha kudzikweza yonse mu RAM n'kumayenda popanda hard disk. Zimenezo n'zothandiza pa kompyuta ya 1GB kapena 2GB imene eni ake anaitaya kale kuseri kwa wadiropu, makamaka ya 32-bit, popeza ngakhale Linux ya Debian 13 ya mu Ogasiti 2025 inasiya kutulutsa yoika pa makompyuta oterowo. Pa yanu phindu lake ndi lochepa. Mwana akangotsegula Firefox ndi masamba anayi, kapena Steam, pulogalamu yogulira ndi kusewerera magemu imene m'mimba mwake muli browser yathunthu, RAM imene munapulumutsa ija yapita. Chimene mwataya ndiye chachikulu: zinthu zimene pa Mint zimangofuna kudina, monga printa, Bluetooth ya controller ndi kuika Steam, pa Puppy zimafuna munthu wodziwa kulemba malamulo pa terminal, zenera lolamulira kompyuta ndi mawu olemba.

Ine ndingaike Linux Mint ya Xfce. Mint 22 inamangidwa pa Ubuntu 24.04 ndipo idzalandira ma update a chitetezo mpaka 2029, ndiye kuti mwana adzalemba mayeso a Fomu 4 n'kupitirira inu musanaganizenso zosintha. Eni ake amati 2GB ikukwana koma 4GB ndiye yabwino. Maonekedwe ake sasiyana kwenikweni ndi Windows 7 imene ambirife tinazolowera: menyu pansi kumanzere, wotchi kumanja, mafoda pakati. Lubuntu ndi MX Linux nazonso n'zabwino, ndipo ngati mnyamata wanuyo anazolowera imodzi mwa izo, msiyeni aike imene akuidziwa, popeza ndi iye amene mudzamuimbire foni zikadzavuta. Akakubweretserani mitundu yopangidwira magemu monga Bazzite kapena Nobara, mukane mwaulemu. Dzina limakopa, koma anaipangira makina atsopano okhala ndi makadi a zithunzi amphamvu. Linux ya Arch ndi ana ake onse muwakanenso, chifukwa amatulutsa ma update pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo pa intaneti ya bandulo mungalire.

Musanaike chilichonse, pisani m'thumba pang'ono. Ndalama yoyamba ipite ku SSD, disk yaliwiro yosazungulira, ya SATA ya mainchesi 2.5, ngakhale ya 240GB kapena 256GB. Kuchedwa kumene kukukutopetsaniko mbali yaikulu kukuchokera ku hard disk yozungulirayo, ndipo Linux pa hard disk yotopa imachedwanso. Ndalama yachiwiri ipite ku RAM. Laputopu imeneyi ili ndi malo awiri oikamo RAM ndipo imalandira mpaka 16GB, koma 4GB ina yokha ikukwanirani. Pa magemu, tizidutswa tiwiri ta 4GB timaposa kachidutswa kamodzi ka 8GB, chifukwa purosesa imawerenga tonse tiwiri nthawi imodzi, ndipo HD 4400, poti imabwereka memory ku RAM, imapindula pompo. Wogulitsa mumuuze kuti mukufuna DDR3L ya 1.35V. DDR3 wamba ya 1.5V imalowa pamalopo bwinobwino koma makina a mtundu uwu amaikana. Pitani ndi laputopuyo, aike inu mukuona, iyake musanapereke ndalama. Chivundikiro chapansi chimatseguka mosavuta, si ntchito yoti muisiye kushopu mpaka mawa.

Hard disk yakaleyo musaifufute. Ichoke ili ndi Windows yake ndi mafayilo ake onse, muiike m'kabokosi ka USB. Linux imawerenga mafayilo a pa disk ya Windows popanda vuto, ndipo tsiku lina Windows ikadzafunika mwadzidzidzi mudzangoibwezera m'laputopu. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa kugawa disk imodzi pakati pa Windows ndi Linux, chifukwa pogawapo ndi pamene anthu amataya zithunzi za ukwati.

Tsopano magemu. Alipo amene anapangidwira Linux mwachindunji, aulere, ndipo ambiri ali mu Software Manager ya Mint momwemo. SuperTuxKart ndi mpikisano wa timagalimoto woti ana angapo angasewere pa sikirini imodzi. Xonotic ndi yowomberana, yaliwiro zedi, ndipo mukachepetsa zokongoletsa imayenda bwino pa makina ngati anu. 0 A.D. ndi ya nkhondo zamakedzana, kumanga mudzi, kulima, kusonkhanitsa asilikali, ngakhale kuti asilikali akachuluka laputopu yanu idzayamba kupuma wefuwefu. Luanti, imene mpaka 2024 inkatchedwa Minetest, ndi yomanga ndi timabokosi monga Minecraft. Palinso Battle for Wesnoth ndi OpenTTD kwa mwana woleza mtima. Ndikudziwa kuti mnyamata wa Fomu 3 akamva mayina amenewa adzakwinya nkhope, chifukwa anzake kusukulu sawatchula. Koma ali ndi ubwino umene ukukhudza thumba lanu: anayi oyambawo amasewereka pakati pa makompyuta awiri olumikizidwa pa router imodzi popanda intaneti. Mnzake akabwera ndi laputopu yake, masana onse atha popanda bandulo kukhudzidwa. Pa Steam palinso ogula amene ali ndi mtundu wa Linux ndipo ndi opepuka, monga Half-Life 2, Portal, Counter-Strike yakale ija ya 1.6, Terraria ndi Stardew Valley. Counter-Strike 2 nayo ili ndi mtundu wa Linux, koma HD 4400 singainyamule.

Magemu a Windows amadutsa njira ina, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene mnyamata wanu adzakakamire. Pali pulogalamu yotchedwa Wine, imene ntchito yake inayamba mu 1993. Gemu ikapempha chinthu kwa Windows, kaya kutsegula fayilo kaya kuliza phokoso, Wine imalandira pempholo n'kulisandutsa loti Linux imve. Mu Ogasiti 2018 kampani ya Valve, eni ake a Steam, inatenga Wine, n'kuiphatikiza ndi zida zina, n'kuitcha Proton. Kamakina kawo kosewerera m'manja ka Steam Deck, ka mu 2022, kamayendera Linux ndi Proton imeneyi, ndipo n'chifukwa chake lero magemu zikwizikwi a Windows amasewereka pa Linux. Zimene anthu amanena kuti Linux yafika pa magemu n'zoona.

Koma onenawo ali ndi makina atsopano. Magemu a Windows amalankhula ndi kachipangizo ka zithunzi kudzera mu DirectX, imene pa Linux kulibe. Proton imagwiritsa ntchito chida chotchedwa DXVK kusandutsa DirectX kukhala Vulkan, imene Linux imaimva. Kuyambira pa DXVK 2.0 ya mu Novembala 2022, chidachi chimafuna Vulkan 1.3, ndipo Proton 8 ndi zonse zobwera pambuyo pake zimadalira chimenecho. Vulkan ya pa Haswell ndi yosakwanira, sifika pamenepo. Ma Intel a m'badwo wachisanu ndi chimodzi kupita m'tsogolo alibe vutoli, koma anu alinalo. Zizindikiro zake n'zodziwika: mwana adina Play, batani lisintha pang'ono, kenako libwerera ku Play osatsegula kanthu. Ambiri akafika apa amati Linux ndi yachabe n'kubwerera ku Windows.

Mankhwala ake alipo awiri. Pa Steam dinani gemuyo ndi batani lakumanja la mbewa, pitani pa Properties, kenako Compatibility, n'kuikakamiza kugwiritsa ntchito Proton 7.0, imene ili ndi DXVK yakale yosafuna zambiri. Ikakanabe, pa Properties pomwepo pali malo olembedwa Launch Options. Lembanimo mzere uwu monga uliri:

PROTON_USE_WINED3D=1 %command%

Mzere umenewu umauza Proton kuti isiye Vulkan idutse pa OpenGL, imene pa Haswell ndi yokhwima bwino. Njira ya OpenGL imachedwa pa magemu atsopano, koma pa a nthawi ya DirectX 9 imagwira ntchito mokwanira. Magemu amene sali pa Steam muwaike kudzera mu pulogalamu ya Lutris, ndipo kumeneko chimodzimodzi, mu Runner options muli pozimitsira DXVK. Kunena mwachidule, laputopu yanu ndi ya magemu a 3D otuluka cha m'ma 2010 kubwerera m'mbuyo, ndi a 2D a chaka chilichonse, sikirini itaikidwa pa 1280x720 ndipo zokongoletsa zili pa Low. Musanagule gemu iliyonse yang'anani pa webusaiti ya ProtonDB, kumene osewera amalemba ngati yayenda, ndipo amaipatsa Platinum, Gold, Silver, Bronze kapena Borked. Ingokumbukirani kuti Platinum ya munthu wa khadi la Nvidia latsopano sikukuuzani kanthu za HD 4400. Fufuzani malipoti a anthu a Intel.

FC ndi Fortnite vuto lake ndi lina, ndipo ngakhale mutagula kompyuta yamphamvu bwanji silingathe. Magemu a pa intaneti ali ndi mapulogalamu oletsa kubera, ndipo ena mwa iwo amalowa mpaka mu kernel ya Windows, pakatikati penipeni pa dongosolo, kuti aone chilichonse chikuyenda m'kompyuta. Wine singanamizire kernel ya Windows. EA, kampani yopanga FC, inaika pulogalamu yotero kuyambira pa FIFA 23 mu 2022, ndipo ma FC onse otsatira ali nayo. Fortnite imagwiritsa ntchito Easy Anti-Cheat, imene imatha kuyenda pa Linux, koma eni ake a gemuyo, kampani ya Epic, anasankha kusaitsegulira, ndipo mkulu wawo Tim Sweeney ananena yekha poyera mu 2022. Valorant ndi PUBG ndi zomwezo. League of Legends ndi Apex Legends zinkasewereka kale, koma zinatsekedwa mu 2024. Mwana adzapeza mavidiyo pa YouTube olonjeza njira yachidule. Muuzeni asataye data, ndipo akakakamira angatseketse akaunti yake.

Mtima usakupwetekeni kuti Linux yalanda mwana FC. FC 24 inkafuna kale RAM ya 8GB, khadi la GTX 1050 Ti ndi malo a 100GB, ndiye kuti ngakhale pa Windows laputopu imeneyi sikanaitsegula. Fortnite yokha ndi imene pa Windows, mutawonjezera RAM, ingatseguke modukizaduka. Zosewera kudzera pa intaneti, gemu ikuyendera pa kompyuta ya kutali inu n'kumangolandira zithunzi, muziiwale. Zimadya ma GB angapo pa ola limodzi. Ngati magemu atatuwo ndi amene mwana sangagone nawo tulo, yankho loona ndi PlayStation 4 yakale, imene imasewera FC, Fortnite ndi GTA V yomwe. Laputopu ikhale ya sukulu ndi magemu opepuka.

Za GTA zili motere. Vice City ndi San Andreas, zimene zinafika pa kompyuta mu 2003 ndi 2005, zimayenda bwino pa Wine ndipo makina anu sangatuluke nazo thukuta. Mitundu yoyambirirayo inachotsedwa pa Steam mu Okutobala 2021 pamene ankatulutsa Definitive Edition, imene ndi yolemera kwa inu, tsono samalani pogula. GTA V imatseguka pa Linux pa makina amphamvu, koma GTA Online inasiya mu Seputembala 2024 ataikamo BattlEye, pulogalamu yoletsa kubera, ndipo kwa inu zonsezi n'zakutali: HD 4400 singaikwanitse, ndipo kukula kwake kokha kungadye theka la SSD. Need for Speed Underground 2 ndi Most Wanted ya 2005 zili m'gulu la San Andreas, zimayenda.

Mpira sunafere pomwepo. PES yakale, monga PES 6 ndi PES 2013, ndi ya nthawi ya DirectX 9, ndipo pali anthu mpaka lero amene amalumbira kuti mpira weniweni unathera pamenepo. Muli malo osinthira matimu, ndiye mwana akakhala ndi khama atha kudzipangira Dynamos ndi CAPS United n'kumaziswanitsa pabalaza. Njira ina ndi PPSSPP, pulogalamu yosewerera magemu a PSP imene anyamata ambiri aku Tafara kwanuko ali nayo kale pafoni. Pa laputopu imayenda bwino kuposa pafoni yotsika mtengo, ndipo FIFA ndi PES zinapitirira kutuluka pa PSP mpaka za 2014. Magemu a PlayStation yoyamba amayenda mosavuta pa DuckStation kapena RetroArch. PlayStation 2 pa PCSX2 ndi yolemera kwa purosesa yanu, imene inapangidwira kusunga batire. Ena adzayenda, ambiri adzakwawa. Ma controller a USB, kaya a Xbox 360 kaya a PS4, amangogwira mukawalumikiza, osafuna kuika driver.

Pali chinthu china chimene makolo amachikonda akachimva. Batocera ndi Linux yaing'ono yopangidwira magemu akale okhaokha, ndipo imatha kukhala pa fulashi yakeyake. Mukalowetsa fulashiyo n'kuyatsa laputopu, imasanduka makina a magemu oyendetsedwa ndi controller. Mukaichotsa, laputopu ibwerera ku Mint ya sukulu. Fulashiyo ingagone m'thumba la jekete lanu kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu.

Mapulogalamu osewerera magemu akalewa ndi ololedwa, koma magemuwo ali ndi eni ake, ndipo njira yoyera ndi kukopa kuchokera pa disiki imene munagula. Ndinenenso za magemu obedwa amene amayenda m'mafulashi kusukulu. Anthu amati Linux sigwidwa ndi mavairasi, ndipo pa mavairasi wamba a m'mafulashi pali choona. Koma Wine ntchito yake ndi kuyendetsa mapulogalamu a Windows, oipa omwe. Mwachibadwa imaonetsa mafayilo anu onse ngati drive Z, ndiye pulogalamu yoipa yobisala mu gemu yobedwa itha kufika pa zolemba za mwana ndi mapasiwedi ake. Chothandiza ndi kupanga maakaunti awiri pa Mint, ina ya sukulu ina ya magemu, ndipo ya magemuyo isakhale ndi mphamvu za administrator. Pasiwedi ya administrator ikhale ndi inu.

Tibwere ku data, popeza ndi kumene ndalama zimadontha mosaoneka. Fayilo yoikira Mint ndi pafupifupi 3GB, ndipo ma update oyamba amadyanso ndithu. Zimenezi mukachitire kwa munthu wa WiFi yopanda malire, kaya ya fibre kaya Starlink imene inafika m'dziko muno mu Seputembala 2024. Mu Software Manager pulogalamu imodzi imapezeka kawiri nthawi zina, ina yolembedwa System Package ina Flatpak. Ya Flatpak imakoka katundu wake wambiri pa ulendo woyamba, mwina kupitirira 1GB pa pulogalamu yaing'ono, choncho pa bandulo sankhani System Package ikakhalapo. Steam nayo ndi yosusuka. Mu Settings, pa Downloads, zimitsani Shader Pre-Caching, chifukwa imakoka mafayilo mwakachetechete. Gemu iliyonse muiuze kuti izilandira update pokhapokha ikatsegulidwa, ndipo mukamaliza kuika zonse ikani Steam pa Offline Mode. Gemu imene mwana anagula kale koma ili pa kompyuta ya mnzake safunika kuidawuniloda kachiwiri. Steam imatha kuisamutsa pakati pa makompyuta awiri a pa WiFi imodzi, kapena kuisunga pa fulashi n'kuibwezeretsa kwina.

Kwa anthu a moyo wathu wa mabandulo, sitolo imene ndimaiona yoyenera kuposa zonse ndi GOG. Magemu ake alibe loko wofuna intaneti. Mumagula kamodzi, kutsitsa fayilo yoikira, kuisunga pa hard disk yakale ija, basi, ndipo magemu akale ndiwo katundu wake weniweni. Pulogalamu ya Heroic imatsegula magemu a GOG ndi a Epic pa Linux, ndipo Epic imapereka gemu yaulere Lachinayi lililonse. Ambiri ndi olemera kwa makina anu, koma kuwatenga n'kwaulere ndipo amakhala pa akaunti mpaka kalekale. Kugula kumafuna khadi la Visa kapena Mastercard la madola a ku America. Akaunti ikhale pa imelo yanu, ndipo nambala ya khadi musaisiye yosungidwa m'kompyuta.

Za sukulu n'zachidule. Mint imabwera ndi LibreOffice, imene imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word, Excel ndi PowerPoint. Mwana aphunzire kusunga ntchito yake ngati docx, ndipo yopita kokasindikiza aziisandutsa PDF kuti masamba asasokonekere. Koma mufunse aphunzitsi ake kaye. Ngati phunziro la makompyuta likufuna Microsoft Access kapena Visual Basic, zimenezo ndi za Windows, ndipo ndi pamene hard disk yakale ija idzagwire ntchito.

Poika, mnyamata wanu alembe fayilo ya Mint pa fulashi ya 8GB ndi Rufus kapena Ventoy. Pa HP mumadina Esc makina akungoyaka, kenako F9, n'kusankha fulashi. Mint idzayaka kuchokera pa fulashipo osakhudza disk. Musathamangire batani la Install. Yesani WiFi, phokoso, kamera, mabatani owonjezera kuwala, lowetsani controller, lumikizani foni ndi chingwe muone ngati intaneti ikudutsa. Zonse zikayenda ndiye muike. Mukamaliza, yatsani Timeshift, imene imasunga chithunzi cha dongosolo lonse kuti update ikasokoneza zinthu mubwerere pamene munali dzulo. Ngati RAM yowonjezera sinapezeke, mnyamatayo aike zram, imene imapanikiza zinthu mu RAM momwemo m'malo mozitaya pa disk. Pa 4GB kusiyana kwake kumamveka.

Magetsi akazima mwadzidzidzi Linux kawirikawiri imadzuka bwinobwino, chifukwa ext4, dongosolo lake losungira mafayilo, limalemba kaye chimene likufuna kuchita lisanachichite. Nthawi yoopsa ndi pamene ikuika ma update, makamaka a kernel. Batire ya laputopu ya 2013 mwina imangogwira mphindi zochepa, tsono ma update achitike batire ili yodzaza komanso pa nthawi imene kwanuko magetsi sakonda kupita. Ngati kunyumba muli ka solar ndi inverter, laputopu imeneyi siidya zambiri, chaja yake ndi ya 45W kapena 65W.

Kutentha nako kumadya liwiro la magemu. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha mphamvu kuti isapse, ndipo mudzaona gemu ikuyamba bwino kenako n'kuyamba kudukiza patapita mphindi khumi. Ndi fumbi la m'Ogasiti ndi dzuwa la m'Okutobala, laputopu ya zaka zoposa khumi imene sinatsegulidwepo imakhala ndi thonje la fumbi kukamwa kwa fani. Tsiku limene mukukaikitsa SSD ndi RAM, muwauze apukute fani ndi kusintha thermal paste ya pa purosesa, ndipo mwana azisewerera pa tebulo, osati pa bulangete.